Funsani Asodzi: Bass ndi Mlamba pa Dzuwa la Okutobala

Makalata a mwezi uno onse achokera ku Kasungu, ndipo ambiri akulira chimodzimodzi: dzuwa lang'amba, nsomba zaleka kudya. Ena tawafupikitsa kuti malo akwane. Bass imene ikutchulidwayi ndi nsomba ya m'madamu yochokera kunja, yodya nsomba zinzake.

FUNSO: Akonzi, pali damu la pa esiteti ina kufupi ndi Chinkhoma kumene eni ake amatilola kuwedza. Mu Ogasiti ndi Seputembala bass tinkazigwira m'mphepete mwenimweni, pamadzi olekeza m'mawondo. Chilowereni Okutobala timaswera tsiku lonse, nyambo osaikhudza n'kamodzi komwe. Kodi zatha? Wowerenga, Chinkhoma.

YANKHO: Sizinathe bambo, zangosamuka, koma inu mukuponyabe pamene zinali miyezi iwiri yapitayo. Chisanu chikatha madzi n'kuyamba kufunda, bass zimaswana. Yaimuna imasesa kamalo pamadzi osaya n'kumalondera mazira, ndiye chilichonse chodutsa pafupi imachilumphira ngakhale ilibe njala. N'chifukwa chake munkazigwira ngati mukutola. Ntchito imeneyo ikatha palibenso chozisunga m'mphepete.

Pamwamba pa izo damu lanulo likuphwa. Mapampu ndi makheni akutunga madzi othirira nazale za fodya tsiku ndi tsiku, mvula kulibe, ndipo bango limene linali m'madzi tsopano laima pouma. Madzi osaya otsalawo pofika 2 koloko masana amapitirira madigiri 30, pamene bass imamva bwino pakati pa 24 ndi 28. Vuto lenileni ndi mpweya. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu 9, koma pa madigiri 30 amatsika kufika 7.5, ndipo kuno ku Kasungu, poti tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, amacheperanso. Nthawi yomweyo thupi la nsomba likatenthedwa limafuna mpweya wochuluka. Bass ilibe kothawira koma kufunafuna pamene pali mthunzi ndi mpweya.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amati poti pamwamba patentha, nsomba zili pansi penipeni, n'kuponya pakati pa damu ndi mtovu wolemera. M'damu lopanda mtsinje wolowamo madzi amagawikana nyengo ino. Apamwamba ndi otentha, apansi ndi ozizira, ndipo sasakanikirana. Masamba ndi ndowe zowolera pansi zimamaliza mpweya wa kumeneko, moti nyambo yanu imakagona pamalo pamene bass siingakhale ngakhale mphindi zochepa. Zimakhala pamwamba pang'ono pa malire a magawo awiriwo, ndipo m'madamu ang'onoang'ono malirewo amakonda kupezeka pakati pa mamita 2 ndi 4.

Mungawapeze popanda makina. Tengani botolo lagalasi, mulimangirire mwala, pakhosi pake mumange chingwe chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse. Tsekani pakamwa ndi chitsononkho chimene mwachimangirira kachingwe kena. Muli pa bwato, tsitsani botolo mamita awiri, zulani chitsononkho, dikirani lidzaze, likokeni. Bwerezani pa mamita atatu, kenako anayi. Pamene madzi abwere ozizira m'dzanja, akununkha ngati dzira lowola, mwapitirira. Wedzani theka la mita pamwamba pake. Ngati bwato palibe, nyongolotsi ikuuzani: ikabwera yofooka, yotuwa, ikununkha matope akuda itangokhala pansi mphindi khumi, kwezani nyambo.

Tsono fufuzani pamene kuya kumeneko kwakumana ndi chobisalapo. Damu lililonse linatseka khwawa, ndipo ngalande ya khwawa lakalelo ikadalipo pansi. Imani pa khoma, yang'anani kumene mtsinje unkachokera, mudzaona mzere wake. M'mbali mwa ngalandeyo, pa zitsa zomira, pa miyala ya khoma, ndi paliponse pamene kasupe akulowa, ndi pamene pali nsomba. Kukakhala mphepo pitani mbali imene mafunde akumenya. Kuponya kumavuta, inde, koma mafunde amalowetsa mpweya ndi kukankhira tinsomba komweko.

Nthawi yake ndi kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 7:30, kenako kuyambira 4:30 madzulo mpaka mdima, ndi usiku wa mwezi. Koma ngati madzi a damulo abiriwira ndi ndere, m'bandakucha musadzivute. Ndere zimatulutsa mpweya masana n'kuumwa usiku wonse, choncho pamene kukucha ndi pamene mpweya watsikitsitsa. Damu lotero limapatsa madzulo.

FUNSO: Achimwene, bass ndikuziona zikuthamangitsa tinsomba m'kati mwa udzu ndi m'mitengo yomira, koma ndikaponya mbedza imakodwa. Ndataya mbedza zisanu ndi imodzi Loweruka lokha. Nyambo za m'sitolo n'zodula. Ndichite chiyani? Mnyamata wa ku Mtunthama.

YANKHO: Pamene mukutaya mbedzapo ndi pamalo oyenera, mphwanga. Musachokepo, sinthani kakoledwe.

Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kugula, ndi paketi ya nyongolotsi za pulasitiki zotalika masentimita 12 mpaka 15, ndi mbedza zokhota pakhosi za saizi 3/0. Kakoledwe kake amakatcha Texas rig. Pisani chingwe mu mtovu waung'ono wosongoka wa magalamu 5 kapena 7, kusongokako kuloze kwa inu, kenako mangani mbedza. Lasani nyongolotsi pamutu, mutulutse nsonga patangopita theka la sentimita, ikankheni mpaka ifike pa diso la mbedza, tembenuzani mbedzayo, muilasenso pathupi koma nsonga ingobisala m'pulasitiki osatulukira. Ikakhala yowongoka imadutsa m'bango ngati njoka. Ikakhota imazungulira, chingwe chimapotana, ndipo nsomba imaikayikira.

Ponyani, ilekeni imire chingwe chili chokungika pang'ono, ndipo maso akhale pa chingwe chifukwa bass zambiri zimatenga nyambo ikumira. Ikafika pansi kwezani ndodo pang'ono, tsitsani, werengani mpaka faifi. M'nyengo yotentha liwiro ndi limene limamana anthu nsomba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamva kugogoda kawiri kapena chingwe chikuyenda cham'mbali, tsitsani ndodo, kungani chingwe, mutsomphole mwamphamvu kamodzi, popeza nsonga iyenera kuboola pulasitiki isanalowe m'kamwa. Ikakodwa musaipatse mpata, ikokeni ituluke m'zitsa msanga. Pa ntchito imeneyi kukhuthala kwa chingwe kusachepere 0.33 mm. Pamadzi oyera sankhani mtundu wobiriwira moderako kapena wofiirira, pamadzi amatope wakuda.

Zaulere ziliponso. Kachule kamoyo kokoledwa pamilomo yonse iwiri, kuchokera pansi kupita pamwamba, popanda mtovu, n'kukaponya m'mphepete mwa udzu chisisira chikugwa, n'kovuta kukapambana. Ziwala zazikulu ndi nkhululu zimagwiranso. Supuni yatiyi yodula mpini, yoboola mbali zonse, mbali ina mbedza mbali ina swivel (kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana), imaphethira ngati kansomba kovulala, koma iyi ndi ya pamadzi opanda zokola. Nyambo yoyandama pamwamba mungaiseme ndi chiwale chouma chotalika ngati chala, kutsogolo n'kufukula kadzenje kuti izilira "pho" mukaikoka. Nayo ili ndi msampha wake: bass ikaiphulikira, dzanja limafuna kutsomphola nthawi yomweyo, ndipo mumailanda nyambo m'kamwa. Dikirani mumve kulemera kaye.

Za mitundu ya nyambo musatengeke kwambiri. Amene amasintha nyambo mphindi zisanu zilizonse amathera m'mawa wonse akumanga mfundo.

FUNSO: Timawedza milamba m'maiwe a mu Bua usiku. Chiwindi cha nkhuku chimagwa tikangoponya, nyongolotsi zimathera tinsomba ndi nkhanu, ndipo timagwira timilamba tating'ono tokhatokha. Anzanga akuti nyambo iyenera kuwola kaye masiku atatu. Ndi zoona? Wowerenga, kwa Santhe.

YANKHO: Nkhani ya nyambo yowola ili ndi choonadi pang'ono. Mlamba umasaka ndi ndevu zake zisanu ndi zitatu kuposa maso, ndipo umalawa ndi khungu lomwe, choncho fungo limauitana. Koma chowola chimafewa, sichikhala pa mbedza, ndipo chimaitana ing'onoing'ono ndi nkhanu poyamba. Mlamba waukulu ndi mlenje, umadya nsomba, achule, ngakhale anapiye a mbalame ogwa m'bango. Upatseni chidutswa cha nsomba yaiwisi ya m'dziwe lomwelo, chachikulu ngati bokosi la machesi, chodulidwa ndi khungu lake kuti mbedza igwire. Mutu wa kansomba wophwanya pang'ono ndi wabwino koposa, tinsomba sitiutha. Ukakhala m'madzi theka la ola fungo limasuluka, ikani wina.

Chiwindi chimagwa chifukwa n'chofewa. Chikulungeni ndi ulusi wosokera maulendo khumi mutachikola, kapena chiwazeni mchere n'kuchiyanika pamthunzi theka la tsiku kuti chilimbe. Matumbo a nkhuku savuta chotero, mumangowapisa pa mbedza ngati mukuveka sokosi. Nyongolotsi zikolani zinayi kapena zisanu pamodzi. Mwezi uno zimasowa poti nthaka yauma, koma mudzazipeza pamene madzi a pa mjigo amatayikira, patsinde pa nthochi, ndi m'madimba. Zisungeni m'chitini cha dothi lonyowa, chokutidwa ndi chiguduli, chifukwa dzuwa la ola limodzi limazisandutsa phala.

Kamangidwe kake, mtovu usamangidwe pa chingwe, uziyenda. Pisani chingwe cha 0.45 mm mu mtovu woboola wa magalamu 20 mpaka 30, kapena nati ya kulemera komweko, ikani mkanda umodzi woteteza mfundo, mangani swivel, kenako chingwe china cha masentimita 40 ndi mbedza ya 3/0 mpaka 5/0. Mlamba ukanyamula nyambo chingwe chimadutsa mu mtovu, suumva kulemera, ndiye suulavula. Pa manambala musasokonezeke: mbedza wamba nambala ikamakwera imachepa, 10 ndi yaing'ono kuposa 4, koma zokhala ndi ziro zimakula nambala ikamakwera. Nsonga ya mbedza iwonekere. Kubisa nsonga m'nyama ndi kumene kumachititsa kuti mukoke nyambo yokha. Nkhanu zikavuta, dulani kachidutswa ka silipasi yakutha mukapise masentimita 10 kuchokera pa mbedza, nyambo idzayandama pamwamba pa matope.

Mlamba sumvera lamulo limene tafotokozera bambo a ku Chinkhoma aja. Pamwamba pa makha ake uli ndi chiwalo chonga kanthambi chimene chimaulola kupuma mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umakhalabe m'dziwe lotentha limene nsomba zina zafa. Madzulo khalani chete pagombe muyang'ane: pamene mukuona mitu ikutuluka, kumeza mpweya, n'kusiya thovu, ndi pamene milamba igona. Masana imabisala pansi pa mizu ndi m'mapanga a gombe. Kukada imatuluka kukasaka pamadzi osaya, nthawi zina osafika mita. Ambiri amaponya kutali n'kuidumpha ili pamapazi pawo. Ponyani mbedza imodzi pafupi, ina pakati, tochi isawalire pamadzi, ndipo musapondeponde chifukwa imamva kugunda kwa nthaka. Maola awiri oyamba kutangoda ndi ola lomaliza kusanache ndi amene amabereka.

M'damu mungaizoloweze malo: gaga wosakaniza ndi magazi a kophera mbuzi, m'thumba loboola lokhala ndi mwala, pamalo amodzi madzulo atatu otsatana. Mu Bua musachite zimenezo. Muli ng'ona, ndipo ng'ona imaphunzira malo ndi nthawi ya munthu mofulumira kuposa mlamba. Khalani mamita atatu kuchokera pamadzi, musatumbulire nsomba pagombe, musapite nokha, ndipo mbedza ikakodwa dulani chingwe, osalowa m'madzi.

FUNSO: Chingwe changa chimaduka nthawi zonse ikakodwa yaikulu, chonsecho ndinagula chokhuthala. Wowerenga, Nkhamenya.

YANKHO: Yang'anani poduka. Ngati nsonga yapotana ngati mchira wa nkhumba, chingwe sichinaduke, mfundo ndi imene inamasuka. Phunzirani iyi, imene amaitcha Palomar: pindani chingwe pawiri masentimita 15, lowetsani m'diso la mbedza, mangani mfundo wamba osakoka, pisani mbedza yonse m'kagoli kotsala, nyowetsani ndi malovu, kokani pang'onopang'ono. Mfundo youma imadziwotcha yokha. Ngati pakuoneka popalika, ndi miyala kapena mano a mlamba amene ali ngati sandipepa, ndiye muzidula mita yomaliza mukagwira nsomba ziwiri kapena zitatu. Ngati chingwe chatuwa ndipo chikuduka paliponse, chapsa ndi dzuwa. Nayiloni yoyanikidwa pa benchi la pamsika miyezi ingapo imafika kwa inu itafa kale. Iyeseni ndi manja musanalipire, ndipo kunyumba muisunge mumdima. Amene muli ndi reel, chokulungira chingwe cha pa ndodo, masulani drag, buleki yake, kuti chingwe chizituluka nsomba ikathamanga.

FUNSO: Chaka chatha mvula yoyamba itagwa tinadzuka nsomba zikuyandama m'damu la m'mudzi mwathu, milamba yokha ili bwino. Ena anati wina anathira katupe. Mayi wa ku Chamama.

YANKHO: Katupe alipo, mayi, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena zophulitsa. Koma musafulumire kuloza munthu chala. Zimene mwafotokozazo ndi zimene mvula yoyamba imachita yokha. Madzi ake ozizira amalemera, amamira, n'kuvundula aja apansi opanda mpweya kuti asakanikirane ndi apamwamba. Amakokolanso phulusa la lupsa, ndowe ndi udzu wouma, zonse n'kuyamba kuwola nthawi imodzi. Makumba, chilunguni ndi bass zimabanika, makamaka zikuluzikulu, ndipo zimaoneka m'mawa zikuyasama pamwamba. Mlamba umangokwera kukameza mpweya. Pampu ikakhalapo, popani madzi muwaponye m'mwamba agwerenso m'damu usiku wonse. Nsomba zopezeka zitafa kale musadye, makamaka ngati pafupi pali nazale zopopera mankhwala.

Pakapita masiku awiri kapena atatu madzi akakhazikika, ndi nthawi yabwino ya chaka chonse. Wedzani pamene madzi amatope akukumana ndi oyera, ndipo tsiku louluka ngumbi ikani ngumbi zomwezo pa mbedza. Chimene sitigwirizana nacho ndi chizolowezi chothamangira kudambo ndi zikwanje usiku umene milamba ikukwera. Ikupita kukaikira mazira m'udzu womira, ndipo waukazi umodzi wa makilogalamu awiri umanyamula mazira zikwi makumi angapo. Tengani ya ndiwo, yamimbayo idutse.

FUNSO: Ndikafika kunyumba nsomba zimakhala zayamba kale fungo, ndipo mlamba wa m'damu umamveka matope. Wowerenga, Chulu.

YANKHO: Bass imafa msanga ndipo pa dzuwa ili maola ochepa akwana kuti iwonongeke. Ipheni ikangotuluka, itumbuleni, chotsani makha ndi magazi a pamsana, muikulunge m'thumba la ziguduli lonyowa n'kulipachika pamthunzi podutsa mphepo. Jumbo ya pulasitiki ndi imene imaphika nsomba. Mlamba musauphe, m'thumba lonyowa umafika kunyumba wamoyo.

Fungo la matope limachokera ku ndere zina zimene zimachuluka madzi akatentha n'kuima, ndipo limakhala m'mafuta ndi pakhungu. Uikeni wamoyo m'mgolo wa madzi a pachitsime masiku awiri kapena atatu, osaudyetsa, madzi muzisintha m'mawa ndi madzulo, pamwamba muvindikire ndi chinthu cholowa mpweya chifukwa umadumpha. Mukaupha chotsani mafuta achikasu a m'mimba, chinanda chituluke ndi phulusa kapena mchere. Wowamba muuviike kaye theka la ola m'madzi a mchere, kapu imodzi yatiyi m'malita awiri, uume pang'ono, kenako pa moto wofatsa wa zitsononkho. Moto waukulu umaumitsa kunja m'kati muli muwisi, ndipo mphutsi zimayambira momwemo.

Pogwira samalani minga iwiri ya m'mbali mwa mutu. Phimbani mutu ndi chiguduli, dzanja ligwire kumbuyo kwa mingayo. Ikakulasani tsukani ndi sopo, viikani m'madzi otentha amene mungapirire kwa theka la ola, ndipo ngati bala n'lakuya kapena latupa pitani kuchipatala akaone za jakisoni wa kafumbata. Amene mumaima m'madzi a damu maola ambiri, kayezetseninso likodzo.

FUNSO: Ndakumba dziwe la makumba kudimba. Ndikufuna kutenga bass zingapo pa esiteti ndikaikemo. Komanso kodi ku Lifupa amalola kuwedza? Mlimi, kwa Kaluluma.

YANKHO: Damu la Lifupa lili m'kati mwa Kasungu National Park, ndipo chilichonse cha m'pakimo sichitengedwa popanda chilolezo cha nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Muli mvuu, ndiponso mungakagone m'chitokosi chifukwa cha mlamba umodzi.

Za bass, lekani bambo. Nsomba imeneyi kwawo ndi ku North America, inabweretsedwa kuti anthu aziwedza mosangalala, ndipo chakudya chake ndi nsomba zinzake. Kamwa lake limameza nsomba yofika theka la utali wake. Zisanu zokha m'dziwe la mamita 10 kwa 20 zikhoza kumaliza ana onse a makumba anu, kenako n'kuyamba kudyana. Dziwe la kudimba limasefukira mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo madzi a ku Kasungu amathera mu Dwangwa ndi mu Bua, mitsinje imene imakathira m'nyanja ya Malawi. Mu Bua ndi mmene mpasa zimakwera kukaswana. Lamulo lija la 1997 limaletsanso kusamutsa nsomba zamoyo kuchoka m'madzi ena kupita m'ena popanda chilolezo. Ngati vuto lanu ndi lakuti makumba akuswana mopitirira n'kumapinimbira, kaonaneni ndi alangizi a za nsomba pa boma. Njira yachidule ndi kukokolola ana ndi ukonde wa maso ang'ono pa milungu itatu iliyonse, n'kuwaika m'kadziwe kawo kapena kuwagulitsa kwa alimi anzanu.